Injini ya ku Fakitale ndi Mtengo wa Magalimoto Amphamvu Akale a ku America

Kalata yoyamba: Magalimoto awiri a Plymouth Barracuda a 1970 amatha kufanana maonekedwe koma mitengo n'kusiyana kutali. Chimachititsa n'chiyani?

Yankho: Nkhani yagona pa injini imene galimoto inatuluka nayo ku fakitale. Wogula wa nthawiyo ankasankha yekha: yaing'ono ya masilinda 6, kapena V8 ya 318, 340, 383, 440, mpaka 426 Hemi ya 425 horsepower. Wofuna Hemi ankawonjezera madola oposa 800 pa galimoto ya madola pafupifupi 3,200, ndipo inshuwaransi yake inali yokwera. Ochepa okha ndiwo anaisankha, ndipo chitatha chaka cha 1971 Chrysler, kampani imene inkapanga Plymouth, inasiya kuiika m'magalimoto. Kusowa kumeneku ndiko kumakweza mtengo lero. Mu 2014, Barracuda ya Hemi (Hemi 'Cuda) ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ya Mecum ku Seattle. Chimodzimodzinso Chevrolet Camaro ZL1 ya 1969, ya injini ya aluminiyamu ya 427, imene anangopanga magalimoto 69 okha.

Kalata yachiwiri: Nanga makaniko akachotsa 318 n'kuikamo Hemi, mtengo umafika pomwepo?

Yankho: Ayi. Galimotoyo imathamanga ndithu ndipo mtengo umakwerako, koma ogula amaitenga ngati yongofananizira. Amene amasunga magalimoto akale amalipira mbiri ya galimoto: injini ikhale yomweyo imene inaikidwa tsiku loipanga. Ngakhale Hemi 'Cuda yeniyeni, injini yake ikasinthidwa ndi Hemi ina, mtengo umatsika.

Kalata yachitatu: Wogula angatsimikize bwanji kuti injini ndi yoyambirira?

Yankho: Poyambira ndi nambala ya chasisi, ya VIN. Pa magalimoto a Chrysler a 1970, chilembo chachisanu chimatchula injini: G ndi 318, H ndi 340, V ndi 440 ya makabuleta atatu, R ndi Hemi. Kenako manambala omalizira a VIN amayerekezedwa ndi amene anadindidwa pa buloko ya injini. Umboni wina ndi kachitsulo ka pansi pa boneti kolembedwa zina mwa zimene fakitale inaika, komanso pepala la ku fakitale limene kawirikawiri limapezeka kunsi kwa mpando. Poti akathyali amadinda manambala abodza, galimoto yodula imayamba yaunikidwa ndi katswiri ndalama zisanaperekedwe.