Mwana Wa M'mimba Amadya Kudzera M'magazi

Mayi akakhala ndi pakati, apongozi amakonda kumuwonjezera mtanda wa nsima. "Idyani mwanangu, kuti mwana akule," amatero. Amafuna zabwino, koma mwana wa m'mimba safika pa nsima imene ili m'chifu cha amayi ake. Iye amalandira zimene zalowa m'magazi a amayi ake basi. M'phunziro lino tiona mmene chakudya chimafikira kwa mwanayo, ndipo tiphunzira kuchokera kwa amayi amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu.

Chakudya chikachoka m'kamwa chimatsikira m'chifu. Chifu chili ngati mtondo. Chimasinja chakudya n'kuchisakaniza ndi madzi owawasa kwambiri otchedwa asidi. Chikasanduka phala, chimalowa m'matumbo aang'ono, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 6. Matumbowa ndiye sefa: zofunika m'thupi zimadutsa n'kulowa m'magazi, ndipo gaga wake amapitirira. Magazi amanyamula zofunikazo mpaka pa nsengwa, imene yamatirira m'chiberekero. Kuchokera pa nsengwa zimayenda m'chingwe cha pamchombo n'kufika kwa mwana. Magazi a mayi ndi a mwana sasakanikirana. Amangopatsirana zinthu pa nsengwapo.

Kwathu kuno munthu akanenepa timati zinthu zikumuyendera. Koma kunenepa kopitirira muyezo kumabweretsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuwawa kwa mawondo, ndipo amayi ena kumawalepheretsa kutenga pakati. Munthu akayesetsa kuchepetsa thupi koma osatheka, madokotala a m'mayiko monga South Africa, India, Britain ndi America amatha kumuchita opaleshoni. Mmodzi mwa amene anayambitsa njirayi ndi Dokotala Edward Mason wa ku yunivesite ya Iowa, ku America, m'zaka za m'ma 1960.

Maopaleshoni otchuka ndi awiri. Yoyamba imatchedwa sleeve. Dokotala amachotsa mbali yaikulu ya chifu, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, ndipo chotsalacho chimakhala ngati nthochi. Yachiwiri imatchedwa gastric bypass. Pamenepa amasiya kathumba ka chifu kofanana ndi dzira la nkhuku, n'kukalumikiza kutsogolo kwa matumbo. Ndiye kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba cha matumbo. Munthu amakhuta msanga, thupi limatsika, ndipo ambiri matenda a shuga amachepa.

Vuto lagona pa chigawo chimene chalambalalidwacho. Ayironi, mchere umene umapanga magazi, amalowa m'thupi makamaka pachiyambi penipeni pa matumbo, ndipo amafuna asidi wa m'chifu kuti asungunuke bwino. Kashiamu, amene amalimbitsa mafupa, amalowanso kwambiri pomwepo. Vitamini B12 naye sangalowe m'magazi popanda chinthu china chimene chimapangidwa ndi chifu. Choncho mtondo ukachepa, sefa nayo itafupika, mayi akhoza kudya ndiwo zabwino tsiku lililonse koma magazi ake n'kumachepabe. N'chifukwa chake munthu wochitidwa opaleshoniyi amamwa mavitamini moyo wake wonse, ndipo ambiri amabayitsa jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse.

Tsono pakati pamafuna magazi ambiri. Magazi a mayi woyembekezera amawonjezeka pafupifupi ndi theka. Mwana akatenga gawo lake, mayi ndi amene amatsala wofooka, wachizungulire, m'maso ndi m'manja mwayera.

Madokotala amalangiza mayi kudikira miyezi 12 mpaka 18, ena mpaka zaka ziwiri, asanatenge pakati. Pa nthawi imeneyi thupi limatsika mofulumira ndipo lilibe zokwanira kugawira mwana. Apa abambo amvetsetse, pakuti nkhaniyi ndi ya onse awiri. Mayi amene anakhala zaka zambiri osaima akhoza kuima mwadzidzidzi thupi likangotsika. Mapiritsi akulera sadalirika kwa mayi wa bypass chifukwa salowa bwino m'magazi. Lupu kapena njira ya pamkono ndiyo imathandiza, popeza sizidzera m'matumbo.

Pali vitamini wina wotchedwa foliki asidi amene ayenera kuyambika pakati pasanabwere. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba ngati kangalande kamene kamatsekeka pofika masiku 28. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Vitaminiyu akasowa, mwana akhoza kubadwa ndi msana wosatsekeka. Mayi aliyense amafunika mamaikulogalamu 400 patsiku, koma amene akadali wonenepa kwambiri kapena ali ndi shuga dokotala amamupatsa mlingo wokulirapo, mamiligalamu 4 kapena 5. Vitamini A ndiye wofunika kusamala naye: akachuluka amapweteka mwana, choncho mayi asagule mavitamini mwa yekha, komanso asakonde kudya chiwindi.

Nanga mbale ikhale yotani? Kathumba konga dzira sikafuna kudzazidwa ndi nsima. Mayi ayambe ndi ndiwo zomanga thupi: usipa, matemba, mazira, nyemba, nandolo, nkhuku. Kenako adye masamba monga bonongwe, chisoso kapena nkhwani wotendera. Nsima ibwere pomaliza, mbamu zochepa. Ndikudziwa kuti kwa ife amene tinakulira nsima izi zikumveka ngati kuyamba ndi denga pomanga nyumba, koma nsima ikayamba kulowa, ndiwo sizipezanso malo. Adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, akutafuna mpaka chakudya chisalale. Madzi asamwere pa chakudya. Adikire mphindi 30, ndipo tsiku lonse azimwa pang'onopang'ono.

Pali zinthu zina zimene zikukhudza mayi woyembekezera aliyense, wa chifu chathunthu yemwe. Tiyi amatsekereza ayironi, choncho asamwedwe nthawi ya chakudya kapena pomwera mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo aja. Malambe, magwafa, malalanje ndi mango zili ndi vitamini C amene amathandiza ayironi kulowa. Mapiritsi a kashiamu ndi a ayironi amalimbirana njira, ndiye azisiyana ndi maola awiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionedwa ndi azaumoyo kasanu ndi katatu. Mayi wa opaleshoni amafunikanso kuyezedwa magazi miyezi itatu iliyonse, ndiponso kuunikidwa kuti aone kakulidwe ka mwana, chifukwa ana a amayi otere nthawi zina amabadwa ochepa thupi.

Shuga ndi mdani wa mayi wa bypass. Akamwa zakumwa zozizilitsa kukhosi kapena thobwa lothira shuga wambiri, zonse zimakhuthukira m'matumbo nthawi imodzi. Mtima umathamanga, thukuta limatuluka, mutu umazungulira, mwinanso kutsegula m'mimba. M'zipatala zina, pakati pakafika milungu 24 mpaka 28, amayeza matenda a shuga pomwetsa mayi madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga. Mayi wa bypass asamwe madzi amenewa. Iye amamuyeza pobaya chala kangapo patsiku kwa mlungu umodzi.

Anamwino sangadziwe zimene zinachitika m'mimba mwa munthu, chifukwa opaleshoniyi kawirikawiri imasiya timabala ting'onoting'ono tovuta kuona. Mayi amene anachitidwira ku Johannesburg kapena ku India n'kubwerera kumudzi anene yekha tsiku loyamba kusikelo, ndipo zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Akamasanza masiku angapo osasunga kanthu m'mimba, apite msanga, chifukwa vitamini B1 amatha m'thupi mofulumira ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo. M'mimba mukayamba kupweteka kwambiri, makamaka pakati patakula, asamve zoti ndi mwana akutembenuka. Chiberekero chikamakula chimakankha matumbo, ndipo amatha kulowa m'mpata umene opaleshoni inasiya n'kupotana. Mayi wotero apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, buku lake lili m'manja.