Kusamala nyumba ndi malo akale m'boma la Ntcheu

Makomiti a chitukuko m'midzi ya kwa Inkosi Champiti akakhala pansi kulemba zosowa za dera, zimene zimatsogola ndi mijigo, milatho, midadada ya sukulu ndi nyumba za aphunzitsi. Palibe cholakwika pamenepo. Koma chilipo chuma china chimene sichitchulidwa kawirikawiri pamisonkhano yotereyi, chikhalirecho chikawonongeka palibe ndalama imene ingachibwezeretse. Chumachi ndi nyumba, manda ndi zipilala zotikumbutsa zaka za m'ma 1800.

Boma lathu lili ndi malo oterewa ambiri kuposa mmene ambirife timaganizira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, amishoni a Livingstonia anatsegula mishoni m'chigwa cha Livulezi. Bungwe la Zambezi Industrial Mission, lomwe Joseph Booth analiyambitsa ku Mitsidi mu 1892, linafika mpaka ku Ntonda, Chiole ndi Dombole. Mishoni ya Gowa nayo inayamba m'zaka za m'ma 1890. Mu Okutobala 1896 asilikali a boma la atsamunda anapha Inkosi ya Makosi Gomani Chikuse, ndipo mpaka lero Angoni a Maseko amasonkhana ku Nkolimbo chaka ndi chaka pamwambo wa Umhlangano. Patangopita zaka zisanu, mu 1901, ansembe a chipani cha Montfort anakhazika mishoni yawo yoyamba ku Nzama. Si malo onsewa amene akadali ndi nyumba zoyambirirazo. Kwina kunatsala maziko, njerwa zobalalika kapena miyala ya pamanda basi, komabe zimenezonso ndi umboni.

Nyumba yakale sigwa chifukwa cha ukalamba wokha. Nyumba ya Mandala ku Blantyre inamangidwa mu 1882, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, koma zonsezi zikugwirabe ntchito. Mdani wamkulu ndi madzi. Lata limodzi likang'ambika, mvula imanyowetsa mitengo ya denga, chiswe n'kulowa, ndipo pakatha nyengo zingapo za dzinja denga lonse limatitimira. Pansi napo, ngalande zikatsekeka madzi amadikha m'mbali mwa khoma n'kuyamba kudya njerwa za m'munsi. Mtengo wa kachere ukamera mumng'alu umaoneka wosaopsa, koma mizu yake imang'amba khoma pang'onopang'ono.

Pali chinthu chimodzi chimene amisiri athu ambiri sachidziwa, ndipo n'chimene chimawononga nyumba zakale m'dzina la kuzikonza. Njerwa za nthawi imeneyo zinali zofewa, ndipo ankazimanga ndi dothi kapena laimu. Khoma lotere limamwa chinyezi nthawi ya mvula, n'kuchitulutsanso dzuwa likawala. Mukalipaka pulasitala wa simenti, chinyezicho chimatsekeredwa m'kati. Kunja khoma limaoneka losalala ndi lokongola, pamene m'kati njerwa zikufumbwa ngati chimanga cha anankafumbwe. Tsiku lina pulasitalayo amagamuka, n'kuchoka ndi nkhope ya njerwa. Choncho lamulo la ntchitoyi ndi lakuti chokonzera chifanane ndi chimene anamangira: pamene panali laimu pabwerere laimu, pamene panali dothi pabwerere dothi. Penti wa mafuta nayenso amatsekera chinyezi mofananamo, n'chifukwa chake njereza kapena laimu wosungunula ndiye woyenera. Miyala ya pamanda isakwechedwe ndi bulashi ya waya, chifukwa zilembo zimafufutika. Madzi ndi bulashi yofewa n'zokwanira.

Kunena mosabisa, zina zimene zimawononga malowa n'zochita zathu zomwe. Kugumula njerwa zakale kuti tikamangire khitchini, kuzula zitseko ndi zitsulo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, kulima mpaka m'mphepete mwa manda, kuumba njerwa pafupi ndi maziko, ndiponso moto wosakira mbewa m'chilimwe. Ambiri sachita izi mwankhanza ayi, koma poganiza kuti bwinja lilibe mwini. Mwini alipo. Dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Monuments and Relics Act, lomwe limateteza malo ndi zinthu zakale, ndipo nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala ndiyo imayang'anira. Malo amene boma linawalengeza kuti ndi otetezedwa saloledwa kugumulidwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo, ngakhale wosinthayo atakhala ndi cholinga chabwino.

Tsono anthu a kwa Champiti angayambire pati? Ntchito yoyamba siifuna ndalama. Komiti ya VDC, mothandizana ndi nyakwawa ndi akuluakulu a mipingo, ilembe malo onse akale a m'dera lake: dzina la malo, mwini wake, mmene alili lero, ndi zimene okalamba akukumbukira. Mbali yomalizayi ndiyo yofunika changu, pakuti agogo amene anamva nkhanizi kwa makolo awo akutha. Achinyamata amene ali ndi mafoni ajambule zithunzi za mbali zonse zinayi, ndi zilembo zilizonse zimene zikuwerengeka. Aphunzitsi angathe kutengako ophunzira awo, kuti mbiri ya m'buku aione ndi maso.

Mndandandawo upite ku komiti ya ADC, kuti malo ofunika kukonzedwa alowe m'mapulani a chitukuko amene amafika ku khonsolo. Chimene sichinalembedwe m'mapulani n'chovuta kuchipezera thandizo. Podikira zimenezo, mvula isanayambe, lambulani udzu kuzungulira malowo poteteza moto, tsegulani ngalande, zulani timitengo tomera m'makoma tikadali tating'ono, ndipo tsekani podontha. Koma khoma likakhala lopendekeka kapena lili ndi mng'alu waukulu, musaligwire nokha. Dziwitsani khansala wa wodi yanu kuti khonsolo iitane akatswiri adzaliwone.