Wogulitsa Mankhwala Wosakufunsani Kanthu

Achinyamata a ku Mdeka, Lirangwe ndi Chileka, mafoni anu adzaza ndi malonda a mankhwala ochepetsa thupi. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali tiyi, makapisozi ngakhalenso jakisoni. Kumanzere chithunzi cha mayi wonenepa, kumanja mayi yemweyo chiuno chili ngati cha mavu, pansi pake nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ndi lonjezo loti katundu mukamulandira kwa kondakitala wa minibasi pa msewu wa M1. Ife tinakula nthawi imene kunenepa kunali ulemu, ndipo munthu akaonda anthu ankanong'onezana. Zasintha, ndipo sindikudandaula, pakuti kunenepa kwambiri kumaitanadi shuga ndi BP. Chimene ndikukana ndi kumeza chinthu chochokera kwa munthu amene simudziwa n'komwe kumene amapezeka.

Wogulitsayo mufunseni mafunso atatu musanatumize ndalama: famase yanu ili pati, chiphaso chanu n'chiti, nanga katswiri wa mankhwala woyang'anira ndani? M'dziko muno malo ogulitsa mankhwala ndi akatswiri ake amalembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, limene linabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Famase yeniyeni, ngakhale itatsatsa malonda pa intaneti, imakhala ndi nyumba yoti mungafikeko, chiphaso chili pakhoma. Chithunzi cha chiphaso chotumizidwa pa foni musachikhulupirire msanga. Mwana aliyense wodziwa kompyuta angachikonze. Tengani dzina la famaseyo mufunse ku PMRA, kapena mukapita m'tauni mukaone ndi maso. Woyankha kuti "tilibe shopu, timangotumiza" wakuuzani zonse.

Koma chizindikiro chimene ine ndimachidalira kwambiri ndi ichi: kodi iyeyo akukufunsani chiyani? Katswiri weniweni amavuta. Afuna kalata ya dokotala, afuna kudziwa ngati muli ndi pakati, ngati mukuyamwitsa, ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala a BP. Wakuba alibe nthawi imeneyo. Funso lake ndi limodzi: mutenga mabotolo angati?

Mawu oti "ndi azitsamba okhaokha" asakugonekeni tulo. Kuli mankhwala otchedwa sibutramine amene anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 zitadziwika kuti amawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Chichokereni nthawiyo akhala akupezeka atabisidwa m'makapisozi ndi m'tiyi wochepetsa thupi wolembedwa kuti ndi wachilengedwe. Mtima kugunda mothamanga, kukamwa kuuma, tulo osabwera, wogulitsa n'kumati ndiye kuti akugwira ntchito. Tiyi wina amangotsegula m'mimba. Sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mafuta ali pomwepo.

Nkhani ya jakisoni ndiyo yoopsa koposa. Ozempic, wopangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk, ndi mankhwala a matenda a shuga amene atchuka chifukwa amachepetsanso thupi. Kutchukako kwaitana achinyengo. Mu October 2023 anthu ena ku Austria anagonekedwa m'chipatala shuga wawo atatsikiratu chifukwa chodzibaya Ozempic wabodza, ndipo mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza za wabodza amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Ngati anapusitsidwa kumeneko, nanga ife? Komanso weniweniyo amayenera kukhala m'furiji asanayambe kugwiritsidwa ntchito. Ndiye taganizani za phukusi lochoka ku Joni pansi pa basi, kudutsa Tete ndi Mwanza, kudzatsitsidwa pa Zalewa dzuwa la October lili pamutu. Wotumizayo angakhale mbale wanu wa mtima wabwino, koma sadziwa zimene zili m'katimo.

Phukusi likafika m'manja, lizungulizeni. Dzina ndi adiresi ya kampani yopanga, nambala ya gulu la mankhwalawo, tsiku lotha mphamvu ndi kapepala ka malangizo ziyenera kukhalapo, m'chilankhulo choti mungawerenge. Mapiritsi a m'kajumbo kopanda dzina ndi otaya.

Ndalama ya botolo loyambalo isungeni kaye. Pitani pa chipatala cha Mdeka kapena cha Lirangwe mukakwere sikelo, akakuyezeni BP, mukafunse za kuyeza shuga. Mwina adzakuuzani kuti muchepetse nsima, zakumwa zotsekemera ndi tchipisi, muziyenda pansi. Akaona kuti pakufunika zoposa pamenepo akutumizani ku chipatala chachikulu cha Gulupu. Ndipo ngati munayamba kale kumwa za pa foni n'kumamva chizungulire kapena kupweteka pamtima, siyani lero lomwe, mupite kuchipatala mutanyamula botolo lakelo, achipatala akaone chimene munameza.