Misomali Yobisika m'Mitanda Yakale

Nyumba yakale ikapasulidwa, mmisiri wa matabwa sataya mitanda yace. Mitengo ina, monga mlombwa ndi mukusi, imakhala zaka zambiri osafumbwa. Mukusi umamera m'dziko la mcenga kumadzulo kwa Zambia, ndipo unali wofunika kotero kuti m'zaka za m'ma 1920 anamanga njanji ya ku Mulobezi yonyamulira mitengoyi kupita nayo ku Livingstone. Mtengowu umakula pang'onopang'ono, cifukwa cace mtanda wace wakale ndi cuma. Unauma kale, supindikanso, ndipo ukacekedwa umatulutsa matabwa abwino a zitseko ndi matebulo.

Koma m'mitanda yotere mumatsalira misomali. Msomali woonekera subvuta. Woopsa ndi uja umene mutu wace unadyeka ndi dzimbiri, thunthu lace nkutsala m'kati. Sowo ikaugunda, mano ace amabuntha kapena kuthyoka, ndipo mmisiri amataya nthawi yaitali akunola ndi tupa. Ku makina ocekera ngozi yace njoposa apa, pakuti dzino lothyoka limauluka ngati mwala wa pa legeni, ndipo likhoza kuboola diso la munthu.

Motero mmisiri sayamba ndi sowo. Ayamba wapala dothi ndi utoto wakale, nayang'anitsitsa mbali zonse zinai za mtandawo poyera. Cimene afuna ndi kabanga kakuda. Citsulo cikakhalitsa m'mtengo wolowa cinyontho cimadetsa mtengowo pozungulira pace, ndipo kabangako kamaulula msomali ngakhale dzenje lace litatsekeka. Pamene maso alephera, amayendetsa maginito pamwamba pa mtanda. Ikafika pa citsulo cosazama imakakamira. Masiku ano amisiri ena ali ndi kamakina kamene kamalira kakayandikira citsulo. Pali ponse apeza msomali amalembapo ndi coko, kuopa kuiwala.

Kuzula kumafuna kufatsa. Mmisiri amasema pang'ono ndi chizulo mozungulira msomali kufikira nsonga yace itaonekera, naigwira ndi pulayala. Pansi pa pulayala amaikapo kathabwa kuti mtanda usapweteke, ndipo amakoka mogwedeza pang'onopang'ono. Wokoka mwaukali amaudulira m'kati, nchito nkukula. Msomali ukakana, amaukhoma ndi kacitsulo kena kuti utulukire kuseri. Ukakananso, amadula cidutswa conseco nacitaya. Kacidutswa ka mtanda nkotsika mtengo kusiyana ndi sowo.

Misomali yozulidwa amaiponya m'citini, saimwaza pansi. Munthu akaponda msomali wakale, tizirombo ta m'dothi tikhoza kulowa pa bala nkudzetsa kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada imene imapha. Wolasidwa ayenera kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi, napita ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono.