Kutchaja Njinga ndi Galimoto za Magetsi pa Nyumba Yogawana: Mmene Tingapezere Chilolezo cha Eni Ake

Aliyense amene anaimapo pamzere wa mafuta pa Kamuzu Road, kapena amene anaimikapo njinga ya kabaza pakhonde tsiku lathunthu chifukwa petulo wasowa, akudziwa chifukwa chake anthu ayamba kufunsa za njinga zamoto ndi galimoto zoyendera magetsi. Mafuta timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, pomwe magetsi timapanga konkuno. Boma lathu la Salima lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa ku Nanjoka, amene anatsegulidwa mu 2021 ndipo amatha kupereka mamegawati 60. Komabe munthu wogula njinga yotereyi amakumana ndi funso limene wogulitsa sangamuyankhire: kodi batire azikatchajira kuti?

Ambiri a ife m'madera a m'mbali mwa nyanja, ku Senga Bay, Chipoka, Lifuwu ngakhalenso m'tauni, timakhala kapena kuchita malonda m'nyumba zogawana: midadada ya lendi, mashopu ondondozana, kapena mpanda umodzi wa mabanja angapo odalira mita imodzi. Pamalo otere magetsi si a munthu mmodzi. Phunziro la mwezi uno likufotokoza mmene tingapezere chilolezo cha eni nyumba ndi anzathu okhala nawo. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: chilolezo chimabwera msanga wopempha akabweretsa masamu omveka, mmisiri wovomerezeka ndi pangano lolembedwa.

Dziwani kaye amene ali ndi mawu omaliza

Musanagule njinga, fufuzani mwini weniweni wa nyumbayo ndi dzina limene lili pa mita ya ESCOM. Nthawi zambiri amene amatolera ndalama za lendi ndi woyang'anira chabe, pomwe mwiniwake ali ku Lilongwe kapena ku Joni. Nyumba zina ndi za masiye, eni ake ndi abale anayi kapena asanu, ndipo mmodzi akavomera yekha ena amadzakana mawa. Mashopu ena a pamsika ndi a khonsolo, choncho wobwereka sangaloleze mnzake kusintha mawaya popanda kudutsa kwa oyang'anira msika.

Pali magulu atatu oyenera kuwafikira. Loyamba ndi eni nyumba onse, poti khoma ndi mawaya ndi zawo. Lachiwiri ndi alendi anzanu, poti ndiwo amasonkha ndalama za mayunitsi ndipo ndiwo adzakhale mumdima magetsi akathima. Lachitatu ndi ESCOM, ngati pakufunika mita yatsopano kapena kuonjezera mphamvu yolowa pamalopo. Kulumpha gulu limodzi mwa awa ndiko kumabala milandu imene imakathera kwa amfumu.

Zimene eni nyumba amaopa

Eni nyumba akazengereza, tisafulumire kunena kuti ndi nkhanza kapena nsanje. Mantha awo amakhala atatu, ndipo onse ndi omveka. Amaopa moto, chifukwa nyumbayo mwina ndiyo chuma chawo chonse. Amaopa mkangano wa mayunitsi, chifukwa ndiwo amaweruza alendi akayambana. Amaopanso kuti mlendi akadzasamuka adzasiya khoma loboolaboola ndi mawaya olendewera. Pempho labwino limayankha mantha atatuwa lisanafunsidwe n'komwe.

Masamu a mphamvu ya magetsi

Magetsi a m'nyumba zathu amabwera pa mavoliti 230. Pafupi ndi mita pamakhala buleka yaikulu yolembedwa nambala ya ma-ampu, imene imasonyeza malire a magetsi oyenera kudutsa nthawi imodzi. Mukachulukitsa mavoliti ndi ma-ampu mumapeza mawati. Soketi wamba ya mabowo atatu imapirira ma-ampu 13, kutanthauza mawati pafupifupi 3,000. Chipangizo chilichonse, kuyambira ketulo mpaka tchaja, chimakhala ndi kachikwangwani kosonyeza mawati ake.

Tiyerekeze mdadada wa zitseko zisanu ku Senga Bay, umene buleka yake yaikulu ndi ya ma-ampu 60. Malire ake ndi mawati 13,800. Madzulo, pamene aliyense akuphika, payaka mahotipuleti awiri a mawati 2,000 iliyonse, ketulo ya mawati 2,000, ayironi ya mawati 1,200, mafiliji atatu osungira nsomba ndi zakumwa otenga mawati 600 onse pamodzi, komanso mababu, mafani ndi mawayilesi a kanema otenga mawati 1,000. Zonsezi zikukwana mawati 8,800, ndipo otsala ndi 5,000.

M'chitsanzo ichi tchaja ya njinga yamoto ya mawati 1,000 ikhoza kulowa bwino, ngakhale ziwiri. Tchaja ya galimoto yolowetsa pa soketi wamba, yokoka ma-ampu 10 kapena mawati 2,300, ikhoza kulowanso. Koma tchaja ya galimoto yokhomera pakhoma, yokoka ma-ampu 32 kapena mawati pafupifupi 7,400, ingagwetse buleka ndi kuika mdadada wonse mumdima. Manambala a kwanu adzakhala osiyana ndi awa, choncho yendani khomo ndi khomo ndi kope, mulembe zipangizo zonse, eni ake akuona.

Palinso china chimene masamuwa sakuonetsa. Ketulo imayaka mphindi zisanu n'kuzima, pomwe tchaja imakoka magetsi maola angapo osapuma. Waya wowonda, soketi yogwedera kapena chingwe cholumikiza ndi tepi chimatentha pang'onopang'ono mpaka kusungunuka, ngakhale buleka yaikulu isanagwe. N'chifukwa chake sitiyenera kudzaza malire onse, ndipo tchaja iyenera kukhala ndi waya wakewake wochokera pa bokosi la mabuleka.

Ndani adzalipira mayunitsi?

Pano ndi pamene maubale ambiri amasokonekera. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Batire yolembedwa mavoliti 72 ndi ma-ampu-ola 40 imasunga pafupifupi mayunitsi atatu, ndipo potchaja pamatayika ena pang'ono ngati kutentha. Wa kabaza amene akutchaja batire yotere kamodzi patsiku, masiku 26 pamwezi, adzadya mayunitsi oposa 80. Si chilungamo kuti mayi wogulitsa tomato, amene ali ndi mababu awiri okha, azisonkha mofanana ndi iye.

Njira yosavuta ndi kuika kamita kowerengera pa waya wa tchaja, kuti mayunitsi a njinga azioneka paokha. Tsiku logwirizana mwezi uliwonse, anthu awiri awerenge nambala ndi kulemba m'kope, ndipo mwini njinga agule mayunitsi ofanana ndi amene wadya n'kuwalowetsa mu mita ya onse. Kubweza mayunitsi m'malo mwa ndalama kuli ndi ubwino wake: mtengo wa magetsi ukasintha, pangano silisowa kukambidwanso.

Njira zinayi zoika patsogolo pa eni nyumba

Popita kukapempha, musapite ndi njira imodzi yokha. Yoyamba, imene silira ndalama zambiri, ndi kugwirizana nthawi: kutchaja kuyambe usiku anthu atatha kuphika ndi kusita, n'kutha m'bandakucha, pamalo otetezeka kunja kwa zipinda zogona. Yachiwiri ndi kukoka waya wapadera wokhala ndi buleka yake, chozimitsa magetsi akayamba kudumphira pansi kapena pathupi la munthu, ndi kamita kowerengera kaja. Yachitatu ndi kupempha ESCOM mita yapayokha, kuti wotchaja azigula mayunitsi ake osakhudza ena. Yachinayi, pamene njinga zachuluka kapena pali galimoto, ndi kupempha ESCOM kuti ionjezere mphamvu yolowa, mwinanso kufika pa magetsi a mafezi atatu ngati a pachigayo.

Njira ziwiri zomalizazi zimafuna chilolezo cha mwini malo, ndipo ESCOM imayamba yaona ngati thiransifoma ya m'deralo ingakwanitse. Thiransifoma imodzi imadyetsa makomo ambiri, choncho ikalemedwa n'kupsa, mudzi wonse umavutika: nsomba zimaola m'mafiliji, zigayo zimaima, ophunzira amasowa kuwala. Kulumikiza magetsi mozembera mita kapena kukoka waya kuchokera pa polo ndi mlandu pansi pa malamulo a dziko lino, ndipo khonsolo silingaikire kumbuyo wochita zimenezi.

Mmisiri akhale wovomerezeka

Bungwe la MERA, limene limayang'anira nkhani za mphamvu m'dziko muno, ndilo limapereka ziphaso kwa amisiri oika mawaya a magetsi. Funsani kuona chiphasocho musanapereke ntchito. Mmisiriyo aone kukula kwa mawaya, bokosi la mabuleka ndi waya wopita pansi, kenako alembe zimene wapeza ndi mtengo wa ntchito yonse. Pepala limeneli ndi limene limatsitsa mtima wa eni nyumba kuposa mawu okoma alionse.

Kunyanja kuno kuli zina zoyenera kusamala mwapadera. Mchenga wouma sulandira magetsi bwino ngati dothi lachinyezi, motero chitsulo chokhomera pansi chiyenera kuyesedwa ndi chipangizo, osati kungokhoma n'kuchoka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumakhala koopsa, ndipo batire satchajira padzuwa kapena m'kachipinda ka malata kopanda mpweya. M'makomo ambiri a asodzi mumasungidwa zigubu za petulo wa injini za maboti, maukonde ndi udzu wofolerera. Zonsezi zikhale kutali ndi malo otchajira. Batire za lithium zikagwira moto zimavuta kuzimitsa ndipo utsi wake ndi woipa, choncho musatchajire kuchipinda chogona kapena pakhomo lotulukira. Gwiritsani ntchito tchaja yobwera ndi njingayo, ndipo batire yotupa, yong'ambika kapena imene inamira m'madzi isalumikizidwe.

Pangano lilembedwe

Mutu umodzi susenza denga. Itanani eni nyumba ndi alendi onse pamsonkhano umodzi, mmisiri alipo, kuti aliyense afunse yekha. Amene ali kutali aimbiridwe foni kapena atumiziridwe chithunzi cha pepala la mmisiri, ndipo yankho lawo lisungidwe. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'Chichewa chomveka, ndipo zikhudze izi: malo enieni otchajira, chiwerengero cha njinga kapena galimoto zololedwa, maola otchajira, amene akulipira mmisiri ndi zipangizo, kawerengedwe ndi kabwezedwe ka mayunitsi, amene adzakonze zikaonongeka, komanso chimene chidzachitike mlendi akasamuka, kaya zipangizo zidzatsala n'kuchotseredwa pa lendi, kaya adzazichotsa n'kukonza khoma.

Muikemonso mfundo ya mawa. Lero wopempha ndi mmodzi, koma chaka chamawa akhoza kukhala atatu. Ngati woyamba analipira yekha waya ndi bokosi, obwera pambuyo adzamubwezera zingati? Ngati mphamvu yotsala ikukwanira njinga ziwiri zokha, wachitatu adzatani? Kuyankha mafunsowa lero kumapewetsa chidani. Onse asayine, ndipo mfumu ya mudzi, wapampando wa komiti ya msika kapena membala wa VDC akhale mboni. Ngati pakufunika kumanga shedi yatsopano m'tauni kapena pamalo a malonda, yambani mwafika ku ofesi yoona za mapulani ku khonsolo.

Eni nyumba akakana

Vutoli si la kuno kokha. Ku Germany, mikangano ya m'nyumba zosanjikizana inachititsa kuti mu 2020 asinthe malamulo, kuti mlendi kapena mwini chipinda akhale ndi ufulu wopempha malo otchajira pa ndalama zake. Onani kuti ngakhale kumeneko wopemphayo ndiye amalipira. Kwathu kuno njira yodalirika ndi kumvana. Eni nyumba akakana, funsani chifukwa chake mwaulemu; mwina vuto ndi mawaya akale amene mungathandizane kusintha. Akakanitsitsa, lemekezani mawu awo, ndipo musatchajire mobisa usiku.

Nyumba zina sizingakwanitse ngakhale aliyense atafuna. Pamenepo nzeru ndi kugwirizana ngati gulu. Ku Kigali m'dziko la Rwanda, kampani ya Ampersand inakhazikitsa malo amene oyendetsa njinga amasiya batire yotha n'kutenga yodzaza m'mphindi zochepa, osatchajira kunyumba konse. Magulu a kabaza a m'mawodi athu akhoza kuphunzirapo kanthu: malo amodzi pafupi ndi siteji, okhala ndi mita yawoyawo, mlonda ndi mawaya oikidwa bwino, ndi otetezeka kuposa soketi makumi awiri zobisika m'zipinda za lendi. Tikumbukirenso kuti magetsi nawo amasowa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Gulu lokhala ndi mapanelo a dzuwa ndi batire zosinthira limapirira nyengo zotere kuposa munthu payekha.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa VDC kapena ADC

1. Kodi m'dera lathu muli midadada kapena mashopu angati odalira mita imodzi, nanga eni ake enieni timawadziwa?
2. Kodi pali amisiri a magetsi okhala ndi chiphaso cha MERA amene tingawapeze mosavuta?
3. Kodi ndi malo ati pafupi ndi siteji ya kabaza kapena msika amene angakhale otchajira a gulu?
4. Kodi mikangano ya mayunitsi timaiweruza bwanji pakadali pano, nanga kamita kowerengera kangathandize?

Mfundo zimene mwagwirizana ziperekedwe kwa khansala wa wodi yanu kapena kwa mlembi wa ADC, kuti zifike ku khonsolo ndi kuganiziridwa pokonza mapulani a chitukuko cha boma lathu.