Phunziro: Kumata Sipoila pa Buti ya Galimoto Popanda Kuboola

Sipoila imene tiphunzire lero ndi yaing'ono ija, kapulasitiki kopyapyala kotukuka pang'ono kamene kamagona m'mphepete mwa chitseko cha buti. Mumakaona pa Corolla, Allion ndi Mark X zambiri zochokera ku Japan. Ntchito yake ndi kudula mphepo yotsetsereka kuchokera padenga, kuti isapepule kumbuyo kwa galimoto pamene ikuthamanga kwambiri. Audi TT yoyambirira inachita ngozi zingapo pa liwiro lalikulu, ndipo mu 1999 ndi 2000 kampani ya Audi inaitanitsanso magalimotowo n'kuwaika sipoila, komanso inasintha zina za kumatayala. Pa liwiro la m'tauni kasipoila sikathandiza kwenikweni, ndipo ambiri amakagula kuti galimoto ioneke bwino. Komabe kwa inu mmisiri chofunika sichisintha: ikhale yowongoka, isamatuke, ndipo penti isawonongeke.

Sitiboola chifukwa bowo lililonse pa chitsulo limalowetsa madzi, ndipo madzi amabweretsa dzimbiri. M'malo mwake timagwiritsa ntchito tepi yomata mbali zonse ziwiri, yopangidwa ndi acrylic foam. Yodziwika kwambiri ndi VHB ya kampani ya 3M, imene inayamba kugulitsidwa mu 1980. Tepi ya mtundu womwewu ndi imene opanga magalimoto amamatira zilembo ndi mizere ya m'mbali mwa zitseko. Tepi yoyera yofewa ya m'sitolo ya mabuku, yopachikira zithunzi pakhoma, musaiyese n'komwe. Dzuwa limaisungunula ndipo mvula imailowa.

Musanamate chilichonse, ikani sipoila pa buti ilibe chomatira, muone ngati ikugona bwino kuyambira nsonga ina kufika ina. Ambiri amalumpha pamenepa. Tepi ntchito yake ndi kugwira, siwongola pulasitiki yopindika. Ngati nsonga imodzi ikutukuka n'kusiya mpata, mukaikakamiza idzakhala ikukoka tepi usana ndi usiku kufikira itamatuka. Sipoila ya ABS kapena ya polyurethane yopindika pang'ono mungaiike padzuwa kapena kuitenthetsa ndi chowumitsira tsitsi, ikafewa muiwongole. Ya fibreglass simvera kutentha kotere, ndipo ngati sikugona ndi bwino kuibweza kumene inagulidwa. Ngati ikufunika penti, ipentedwe isanamatidwe, koma kunsi kumene kukhale tepi kukhale kosalala ndi koyera.

Ikagona bwino, yezani. Pezani pakati pa buti poyeza kuchokera m'mphepete mwa kumanzere ndi mwa kumanja, mutsimikize ndi chizindikiro cha galimoto kapena pa loko. Pezaninso pakati pa sipoila. Matani tizidutswa ta masking tape pa zonse ziwiri, mulembe mzere umodzi wodutsa pa sipoila ndi pa buti. Kenaka zungulizani masking tape kutsata m'mphepete mwa sipoila, kuti mukaichotsa malo ake atsale akuoneka. Tsegulani buti n'kutseka, muone kuti nsonga sizikukhula magetsi a kumbuyo.

Tsopano tafika pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri, kutsuka. Masipoila ambiri amene amathothoka pamsewu vuto silikhala tepi. Tepiyo inamatidwa pa polishi, pa mafuta kapena pa fumbi, ndiye inagwira zimenezo m'malo mogwira penti. Galimoto yonyezimira imene mwini wake amaipaka polishi sabata ndi sabata ndi imene imavuta koposa, pakuti wakisi ndi silikoni za mu polishi zinapangidwa dala kuti chinthu chisakakamire pa penti. Yambani ndi madzi ndi sopo, muumitse. Kenaka pukutani ndi isopropyl alcohol wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, monga 3M imalangizira. Kansalu kakhale koyera, kosathothoka ulusi, ndipo pukutani cholowera mbali imodzi. Mukamazunguliza mumangobweza litsiro pomwe mwalichotsa. Tsatizani ndi kansalu kena kouma. Parafini ndi petulo zimasiya mafuta, ndipo thina imadya penti, choncho zitatuzi zisayandikire buti. Mukatha kutsuka, chala chisakhudzenso pamalopo, chifukwa ngakhale thukuta la m'manja limachepetsa mphamvu ya tepi.

Kunsi kwa sipoila kutsukidwenso chimodzimodzi. Pulasitiki yatsopano imachoka ku fakitale ndi timafuta timene amapaka mu chikombole kuti isakakamire. Ngati tepi mukumata nokha, pakani kaye mankhwala othandiza tepi kugwira pulasitiki, monga 3M Adhesion Promoter 4298, mopyapyala, ndipo aume musanaike tepi. Tepiyo itsate m'mphepete monse, ifike kunsonga kwenikweni, ndipo musaikoke poimata, chifukwa tepi yokokedwa imafuna kubwerera. Ngati buti yangopentedwa kumene, dikirani pafupifupi mwezi kuti penti ikhwime.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Tepi imeneyi imagwira bwino pakati pa madigiri 21 ndi 38, ndipo pansi pa madigiri 10 imauma, simata. M'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, dikirani dzuwa likwere kapena tenthetsani chitsulo ndi tepi pang'ono ndi chowumitsira tsitsi. Masana a mu Okutobala ku Chikwawa, buti ya galimoto yakuda imatentha moti simungaikepo dzanja, ndiye imikani galimoto pamthunzi izizire kaye. Pewaninso malo a mphepo, kuti fumbi lisagwe pamene mwatsuka.

Pomata mukhale awiri. Musasende pepala lonse lophimba tepi nthawi imodzi. Tepi yabwino ikakhudza penti yagwira, ndipo mukaizula kuti muwongole yatha mphamvu. Sendani pang'ono chabe, masentimita atatu kapena anayi kunsonga ya chidutswa chilichonse, mupinde tizingwe ta pepalato kuti titulukire kunja kwa sipoila. Ikani sipoila mopepuka, mzere wa pakati ukumane ndi unzake, m'mphepete mutsate masking tape ija. Imani chakutali kumbuyo kwa galimoto, muyang'ane ndi maso. Mukakhutira, mnzanu agwire sipoila pamene inu mukusolola tizingwe tija pang'onopang'ono, dzanja lina likutsindira pambuyo pake.

Kutsindira si kusisita. Guluu wa pa tepi amafuna kukanikizidwa kuti alowe m'timaenje ta penti tosaoneka ndi maso, ndipo mphamvu yofunika ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. Yendani ndi chikhatho mbali ndi mbali, pamalo aliwonse mukanikize masekondi makumi atatu, makamaka kunsonga kumene mphepo imayambira kunyamula. Dzanja lina lichirikize kunsi kwa chitseko kuti chitsulo chisapindike. Mukatha mangani sipoila ku buti ndi masking tape yatsopano.

Apa mwini galimoto amakhala atayamba kale kuyang'ana nthawi, ndipo muyenera kumufotokozera mwaulemu. Pa kutentha kwabwino tepi imafika theka la mphamvu zake pakatha mphindi 20, imafika 90 pa 100 pakatha maola 24, ndipo imakwanira pakatha maola 72. Tsiku loyamba galimoto isanyowe ndipo isathamange. Kokatsukitsa ndi madzi a mphamvu idikire masiku atatu. Muuzeninso kuti asamatsegule kapena kutseka buti pogwira sipoila.

Ena amakonda guluu wa polyurethane wa mu chubu, monga Sikaflex. Amagwira zolimba ndipo amatseka mipata ing'onoing'ono, koma amachedwa kuuma, amatulukira m'mbali, ndipo tsiku lomuchotsa penti imavutika. Pa kasipoila kopepuka kogona bwino, ine ndimasankha tepi. Silikoni ya m'bafa ndi supagulu musamatire nazo: silikoniyo ndi yofooka, ndipo supagulu amasweka galimoto ikamagwedezeka pa msewu wa mabampu.

Mukafuna kuchotsa sipoila, tenthetsani pang'ono, mulowetse ulusi wowedzera nsomba pakati pa sipoila ndi buti, muucheke uku ndi uku kufikira tepi itaduka. Zotsalira zikunkhulizeni ndi chala chachikulu, mumalize ndi alcohol. Sikuludilaiva kapena mpeni zimakanda penti. Pa phunziro lotsatira tidzagwiritsa ntchito chitseko chakale cha buti. Aliyense abwere ndi tepi yoyezera, pensulo ndi tinsalu tiwiri toyera, ndipo adzayeza pakati, adzatsuka, adzamata kachidutswa ka pulasitiki, n'kukachotsanso ndi ulusi popanda kusiya chipsera pa penti.