PHUNZIRO: MWANA WOVUTA KHALIDWE TIMTHANDIZE BWANJI?

Amayi, mwabwera kusikelo ndi mwana wakumsana, koma ambiri mwa inu mwasiya kunyumba mkulu wake wa zaka khumi kapena kuposerapo. Phunziro lino likunena za mwana ameneyo, makamaka ngati wayamba mwano, ndewu, kuba, kujomba kusukulu kapena kugona kunja. Khalidwe lotere lili ngati kutentha kwa thupi: limatiuza kuti pali china chavuta. Tiyenera kuchipeza chinthucho ndi kuchikonza mothandizana.

Zimene zimayambitsa

1. Njala. Mwana wogona ndi njala samva za m'kalasi, ndipo sachedwa kuloŵa m'munda mwa eni.

2. Kusoŵa womuyang'anira. Kuno ku Thambani tili kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo makolo ena amakhalitsa kutali pofuna ntchito kapena malonda. Ana enanso ndi amasiye.

3. Nkhanza. Mwana womenyedwa, kapena woona makolo ake akumenyana, amaphunzira ndewu. Mtsikana kapena mnyamata amene wasintha mwadzidzidzi angakhale kuti wagwiriridwa ndipo akuopa kuulula.

4. Matenda. Malungo aakulu okomola mwana nthaŵi zina amamsiya wosakhazikika, woiŵalaiŵala ndi wokwiya msanga. Khunyu lingachitenso chimodzimodzi. Mwana wotuluka mafinya m'khutu samva bwino, koma ife timati ndi mwano.

5. Chamba ndi kachasu. Izi zimasokoneza ubongo umene ukukula.

Zimene sitiyenera kuchita

Musamuotche manja chifukwa waba ndiwo. Musammange, musammane chakudya, musampirikitse pakhomo. Musamunene kuti ndi mfiti. Lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Chilango choopsa chimangophunzitsa mwana kunama ndi kuthaŵa.

Thandizo la mwambo wathu

Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi asasenze yekha katundu ameneyu.

(a) Yambani ndi inu. Khalani naye pansi mtima utazizira, mumfunse chimene chikumuvuta, ndipo mumlole amalize kulankhula.

(b) Itanani amalume ake, eni mbumba, pamodzi ndi bambo wake ngati alipo. Amlangize kuseri, osati pagulu pochititsa manyazi.

(c) Agogo ndi anankungwi amamva zimene mwana sangauze mayi wake. Sankhani nankungwi wosunga chinsinsi, wolangiza ulemu, ukhondo ndi sukulu. Malangizo okankhira mwana ku chiwerewere kapena ku banja akaneni. Kuyambira m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sayenera kukwatira kapena kukwatiwa.

(d) Mwana akalakwira mnansi pa kanthu kakang'ono, amfumu ndi ankhoswe a mbali zonse akambirane. Mwanayo apepese ndi kubweza chimene waononga. Akatero nkhani ithe, asamangomkumbutsa.

(e) Mpatseni udindo womuyenera: mbuzi yoti aŵete, mzere wake kudimba, kapena mtengo wa nachesi woti ausamale. Akachita bwino muyamikireni pamaso pa anzake. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo kapena a mzikiti adziŵe, kuti onse alankhule chimodzi.

Thandizo la chipatala ndi la boma

Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena bwerani naye mwanayo kuchipatala cha Thambani kuti ayesedwe. Khunyu lili ndi mankhwala, ndipo silipatsirana. Ofunika thandizo loposa amatumizidwa kuchipatala chachikulu ku Mwanza. Fulumirani tsiku lomwelo ngati mwana akunena zodzipha, akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena wagwiriridwa. Nkhani ya kugwirira si yokamba pabwalo la mfumu. Ipite kuchipatala ndi kupolisi.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010 limalola kuti mwana wolakwa pang'ono awongoledwe kwawo, osaloŵa m'ndende ya akulu. Nyumba zowongolera ana za ku Mpemba ndi ku Chilwa ndi za milandu imene khoti laona kuti pakhomo pokha sipangakwanire. Alangizi osamalira anthu ali pa boma ku Mwanza, ndipo nambala ya lamya yaulere yothandiza ana ndi 116.

Kumbukirani

M'mera mpoyamba. Amene ali kumsanayo muyamwitseni, mgonekeni m'neti, mulankhule naye ndi kuseŵera naye, ndipo akatentha thupi thamangirani kuchipatala. Khalidwe la maŵa likuyamba pamenepo.

Mafunso okambirana

1. Tchulani matenda aŵiri amene angasinthe khalidwe la mwana.

2. Kodi m'banja mwanu ndani amene mwana angamuuze zakukhosi?

3. Ndi nkhani iti imene siyenera kuthera kwa amfumu?